Kiyi mmodzi amene anavutitsa NASA ku Mars

Pa 4 July 1997, chombo cha NASA chotchedwa Pathfinder chinatera pa Mars. Patangopita masiku ochepa, kompyuta yake inayamba kumadziyambitsanso yokha, ntchito n'kumadukira panjira.

Vuto linali loko. M'kompyuta, ntchito zingapo zimagawana malo amodzi osungira uthenga, ndiye iliyonse ikalowamo imakhoma kaye kuti inzake isasokoneze.

Taganizani za sukulu ina kuno kwa Msakambewa. Mwana wa Fomu 1 watenga kiyi wa labu. Ahedi akufuna kiyiyo mwachangu, koma pulifekiti wamugwira mwanayo kuti ayambe wasesa. Basitu, ahedi akudikira pulifekiti! Pa Pathfinder, kantchito koyeza nyengo ndiko kanagwira kiyi, ntchito zapakatikati n'kukatsekereza, yofunikitsitsa ija n'kumangodikira. Nthawi yoikika ikadutsa, kompyuta inkaona kuti zavuta, n'kuyambiranso.

Akatswiri a ku JPL anakonza vutoli ali pansi pompano. Anatumiza lamulo lakuti wogwira kiyi azibwereka udindo wa amene akumudikira mpaka atabweza kiyiyo. Pulifekiti sangaimitse mwana wotumidwa ndi ahedi. Lamuloli limatchedwa priority inheritance, ndipo lilimonso mu Linux, imene imayendetsa mafoni a Android.