Nthabwala za Mpali zikamakalamba

Sewero la Mpali linayamba kuonetsedwa pa Zambezi Magic mu 2018. Limanena za bambo Nguzu, mlimi wamitala, ndi akazi awo ambirimbiri pa famu imodzi. Kuno ku Chongwe, dera la alimi, khomo lotere si lachilendo, ndipo ine ndimaona kuti kuseka kwathu kwasintha m'zaka zimenezi.

Poyamba tinkaseka zochitika: mkangano wa kukhitchini, nsanje ya kuti bambo agona nyumba iti. Tsopano timaseka chifukwa anthuwo tikuwadziwa. Amai aakulu, a Junza, akangoyang'ana cham'mbali, tayamba kale kuseka asanatsegule pakamwa, monga timachitira ndi azakhali athu pa ukwati. Zaka ndizo zimapatsa sewero mphamvu imeneyi, ndipo wolemba wanzeru amangoikhudza pang'ono.

Vuto limadza nkhani zikachepa. Olemba amakokomeza khalidwe limodzi mpaka wansanje amasanduka nsanje yokhayokha, wosakhalanso munthu. Phokoso limachuluka, anthu atsopano amalowetsedwa mokakamiza. Pamenepo ine sindiseka. Ndimafuna Nguzu amene akulamulabe mokweza mawu, koma m'maso mwake mukuoneka kuti watopa nalo banja limene anadzimangira yekha.