Osaka malo a gofu, tikawaona tili ku Chilomoni

Padziko pano pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyenda m'malo opanda nyumba, maso ali pa nthaka. Safuna miyala ya mtengo wapatali, safunanso munda wa fodya. Amasaka malo oti asanduke bwalo la gofu labwino, loti anthu a ndalama azikwera ndege kuchoka kutali kudzasewerapo. Ku Chilomoni nkhani yotere imamveka yachilendo, chifukwa kuno munthu akati akusaka malo ndiye kuti akufuna puloti yoti aimikepo nyumba ya zipinda ziwiri. Koma gofu sali patali nafe. Munthu wochoka pa Nthukwa m'mamawa, wapansi, kudzera ku Namiwawa, amafika pa bwalo la Blantyre Sports Club dzuwa lisanawawe, ndipo m'makomboni ozungulira tauniyi ndi mmene mumachokera anthu otchetcha kapinga wa mabwalo otere ndi kunyamula zikwama za osewera.

Chinthu choyamba chimene wosaka malo amafuna ndi mchenga. Mvula ikagwa pa mchenga madzi amalowa pansi msanga, bwalo silichita matope, udzu wake umakhala waufupi ndi wolimba, mpira n'kumathamanga bwino. Mchenga suvutanso kuusuntha ndi kuukonza, choncho ndalama zomangira zimachepa. Masewerawa anabadwira pa nthaka yotere, m'mphepete mwa nyanja ku Scotland, pa milu ya mchenga yosameretsa mbewu imene ankangodyetserapo nkhosa. Ku St Andrews, m'chaka cha 1764, ndi kumene chiwerengero cha maenje chinafika pa 18, ndipo dziko lonse linadzatengera pomwepo. Bwalo la maenje 18 limadya mahekitala 50 mpaka 70, kapena kuposera apo. Kuwonjezera pa mchenga, pamafunika malo okwera ndi kutsika mofatsa, mphepo, pooneka bwino, madzi othirira, msewu, ndi mwini malo wokhala ndi mapepala amene angalole kugulitsa.

Kale ankafufuza ndi mapu a pepala. Lero amayamba ndi zithunzi za m'mlengalenga pa kompyuta, kutsata gombe lonse la dziko linalake osadzuka pampando. Koma ntchito yeniyeni imachitika ndi miyendo. Wojambula bwalo amatha masabata akuyenda pamalopo atanyamula timbendera, kuima pa kamtunda aka, kuyang'ana pa kachigwa ako, kuganizira kumene mpira ungagwere mphepo ikamachokera kunyanja. Ku Nebraska, m'dziko la America, Bill Coore ndi Ben Crenshaw atayenda m'mapiri a mchenga a kumeneko anapeza malo oposa 130 amene chilengedwe chinali chitawakonza kale ngati maenje a gofu. Anasankhapo 18, ndipo bwalo la Sand Hills linatsegulidwa mu 1995 dothi losunthidwa lili lochepa kwambiri. Mike Keiser, amene analemera ndi bizinesi ya makadi a mafuno abwino, anagula malo a zitsamba za minga m'mphepete mwa nyanja ku Oregon, kutali ndi mizinda ikuluikulu, n'kutsegula Bandon Dunes mu 1999. Ku Tasmania, bwalo la Barnbougle Dunes linatsegulidwa mu 2004 pa mchenga wa m'malire mwa munda wa mlimi wa mbatata ya kachewere, Richard Sattler. Kuchokera nthawi imeneyo a ndalama anaona kuti osewera amapita kulikonse kumene kuli nthaka yabwino, ngakhale kukhale kumathero kwa msewu, ndipo kusaka malo kunasanduka mpikisano.

Kumbuyo kwa wosaka malo kumabwera gulu. Pali loya wofufuza umwini, masaveya oika zikhomo, akatswiri a madzi ndi a zachilengedwe, oika mapaipi. Pali woyendetsa katapila amene luso lake ndi kuumba timitunda tooneka ngati tinali pomwepo chiyambire. Anthu otere ndi ochepa, ndipo amangosamuka dziko ndi dziko kutsata ntchito. Kuno kum'mwera kwa Africa dzina lomveka pa zojambula mabwalo ndi la Peter Matkovich, amene anajambulanso bwalo la Bonanza ku Lusaka. Onsewa amabwera, n'kupita. Ntchito yomanga ikatha pamatsala anthu a m'deralo.

Chimene chimandivuta pa ntchito imeneyi ndi chakuti wosaka malo amaphunzitsidwa kuona mchenga, mphepo ndi matsitso, koma anthu ogwiritsa ntchito malowo amawakumbukira pomaliza. Chithunzi cha m'mlengalenga sichionetsa njira yopita kudambwe, malo oyanikira makoka kapena manda a makolo. Mu 1990, tauni ya Oka ku Canada inafuna kukulitsa bwalo lake la gofu kuchoka pa maenje 9 kufika 18, kulowa m'nkhalango imene anthu a mtundu wa Mohawk ankati ndi yawo, pafupi ndi manda awo. Anthuwo anatseka msewu, mkangano unatha masiku 78, wapolisi mmodzi anafa, ndipo bwalolo silinakulitsidwe. Ku Menie, ku Scotland, kampani ya Donald Trump inatsegula bwalo mu 2012 pa milu ya mchenga imene inali yotetezedwa ndi lamulo. Oyandikana nawo ena anakana kugulitsa nyumba zawo mpaka mapeto, ndipo mu 2020 boma linachotsa gawo la mchengawo pa mndandanda wa malo otetezedwa chifukwa linali litasintha kotheratu. Zikhoza kuyendanso mwina. Ku Inverness, ku Nova Scotia, Ben Cowan-Dewar pamodzi ndi Keiser anamanga Cabot Links pa malo a mgodi wa malasha umene unatsekedwa kalekale, n'kutsegula bwalo lonse mu 2012, m'tauni imene achinyamata ankaithawa posowa ntchito. Apo malowo analidi ongokhala, ndipo anthu anapezapo zochita.

Mabwalo athu a kuno sanapezeke mwa njira yosaka chotere. Oyambirira anabwera ndi atsamunda, pa nthawi imene nthaka ya m'mapiri a Shire inkaperekedwa kwa azungu ndi makampani awo kudzera m'zikalata zimene mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, ankatulutsa m'zaka za m'ma 1890. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896. Kutsidya kwa malire, kalabu ya gofu ya ku Chipata, panthawiyo Fort Jameson, inayamba mu 1902. Mukaona pamene pali mabwalo m'Malawi muno muona pamene panali boma ndi minda ikuluikulu: Zomba, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, Thyolo ndi Mulanje kwa tiyi, Nchalo ndi Dwangwa kwa nzimbe. Ambiri ndi a maenje 9, ndipo la Lilongwe ndi la 18. Amene anabwera pambuyo, monga la Mlambe ku Makokola, ku Mangochi, ndi la ku Game Haven ku Bvumbwe, anamangidwira alendo okopa. Lero ena mwa mabwalo akale aja azunguliridwa ndi mizinda, moti la ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, ndi amodzi mwa malo ochepa obiriwira otsala pakati pa tauni.

Wosaka malo atafika ku Chilomoni sangachedweko. Nthaka ndi katondo ndi miyala, matsitso ake ndi aakulu, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika m'phiri la Michiru mwaukali, kukumba zigwembe m'misewu. Madzi a m'mipopi ambiri mumzindawu amachokera ku Walker's Ferry, pa mtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40, akupopedwa kukwera mtunda ndi magetsi odula. Kuthirira mahekitala 60 a kapinga ndi madzi amenewo pamene amayi akupanga mzere pa kiyosiki sikungakhale kwanzeru. Chachikulu n'chakuti palibe kachigawo kopanda mwini. Pamene mlendo angati pangokhala, pali chimanga cha mayi wina m'dzinja, pali woumba njerwa m'chilimwe, pali wophwanya miyala, pali njira ya Akhristu okwera phiri kukapemphera pa Njira ya Mtanda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo kuchokera pamenepo nyumba zakhala zikukwerabe m'mapiri.

Nafenso tili nawo osaka malo athu, amene timawatcha ma ejenti. Ofesi yawo ndi foni ndi miyendo. Amadziwa banja limene likugawana malo a malemu, amadziwa mfumu yoyenera kuionekera, amamutenga wogula pa kabaza mpaka pamene msewu wathera, n'kumuonetsa malire ndi dzanja, kuchoka pa mtengo wa mango uwo kufika pa mwala uwo. Malipiro awo ndi gawo la mtengo wa malowo. Alipo achilungamo amene athandiza mabanja ambiri kuchoka pa lendi. Aliponso ogulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, kapena kuloza munthu m'njira ya madzi. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anationetsa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mmene zimathera nyumba zikamangidwa poti sipanayenera. Pa mfundo imodzi iyi ma ejenti athu ali ndi choti aphunzire kwa anzawo a gofu: awo saika chikhomo asanadziwe kumene madzi amadzera.

Anthu amene gofu amawadyetsa tsiku ndi tsiku m'dziko lino ndi osamalira mabwalo ndi makadi, onyamula zikwama za osewera. Wosamalira bwalo amayamba kusanache. Udzu wa pa girini, pamene pali dzenje, umadulidwa kutsala mamilimita ochepa chabe, ndipo ukaphonya madzi masiku angapo mu Okutobala umapsa. Ayenera kudziwa nthawi yothira feteleza, yoboola nthaka kuti ipume ndi kuwazapo mchenga, yosuntha dzenje kuti malo amodzi asapondedwe mopitirira. Amalimbana ndi chiswe, mfuko ndi matenda a udzu a nyengo ya mvula. Makina otchetchera ndi ochokera kunja. Ndalama zakunja zikasowa, kapena mafuta akasowa pa mafilingi, amakanika a pa kalabu amachita kusula zitsulo kuti makinawo adzuke, ndipo kwinako chikwakwa chimagwira ntchito. Luso lonseli ambiri analiphunzira poonera akuluakulu awo, opanda satifiketi yoti akaonetse kwina.

Kadi amanyamula chikwama chokhala ndi ndodo zofika 14, kuyenda nacho maola anayi, mtunda woyandikira makilomita 10 pa maenje 18. Koma kunyamula ndi gawo laling'ono. Kadi wabwino amadziwa mtunda wotsala pongoyang'ana, amauza bwana ndodo yoyenera, amawerenga kumene girini yapendekera, amaona pamene mpira wagwera m'thengo ena onse atautaya. Amadziwanso nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete. Kawirikawiri si wolembedwa ntchito. Amalandira pa ulendo umene wanyamula, kuonjezerapo kangachepe kamene wosewera wakonda kumupatsa. Loweruka la mpikisano amabwerera kunyumba ndi ya ndiwo ndi ya lendi. Pakati pa sabata, kapena mvula ikakakamira mu Januwale, akhoza kukhala pansi pa mtengo tsiku lonse n'kubwerera wapansi chimanjamanja. Akadwala msana palibe penshoni. Komatu m'gulu lomweli ndi mmene mwatuluka akatswiri. Ku South Africa, Papwa Sewgolum, amene anayamba ngati kadi ku Durban, anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndipo Vincent Tshabalala, kadi mnzake, anatenga French Open mu 1976. Ku Bandon Dunes kuja osewera amayenda pansi, sakwera timagalimoto, ndipo lamulo limeneli lokha linapatsa ntchito makadi mazanamazana.

Mchenga umene osaka malo amaulakalaka tili nawo, m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Chintheche. Tsiku lina adzauona pa kompyuta zawo, n'kubwera. Sindikuti tiwabweze; mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo bwalo labwino likhoza kubweretsa alendo ndi ntchito zokhalitsa. Koma gombe limenelo ndi pamene asodzi amakocheza mabwato, pamene amayi amachapa ndi kutunga madzi, ndipo anthu a ku Mangochi aona kale mipanda ya malo ogona alendo ikuwatsekera njira yopita kunyanja. Malamulo alipo: a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ndi la zachilengedwe la 2017, lofuna kafukufuku ntchito yaikulu isanayambe. Mafumu ndi makhonsolo awagwiritse ntchito pamaso pa anthu, pabwalo, osati m'chipinda cha hotela.

Pakadali pano, aliyense wofuna kuika ndalama mu gofu m'Malawi ayambe ndi mabwalo amene alipo kale ndi anthu amene akuwasunga. Makalabu alembe makadi awo m'kaundula, agwirizane nawo mtengo wodziwika, akhazikitse thumba lowathandiza akadwala, ndipo awapatse tsiku losewera. Osamalira kapinga atumizidwe ku maphunziro, apatsidwe zovala zodzitetezera popopera mankhwala. Ndipo inu osewera, mukamaliza dzenje lomaliza Loweruka likubwerali, mufunseni mnyamata wanyamula chikwama chanu kumene amakhala ndi mmene abwererere kwawo, kenako mumulipire molingana ndi ntchito imene wagwira.