Tirigu wa apongozi wasiya kugona

Zaka ziwiri zotsatizana tirigu wa apongozi anga anagona pansi ngati mphasa. Ankamufesa mu Meyi m'dimba lawo la m'mbali mwa Lutembwe, n'kumathirira ndi kapampu nyengo yonse yozizira. Kuno ku Chipata tirigu ndi mlendo, eni ake ali ku Mkushi ndi ku Chisamba, choncho odutsa ankaima kumuyang'ana atabiriwira mpaka kuda. Koma ngala zikangoyamba kulemera, mphepo ya mu Ogasiti n'kuwomba, yense khu! Phwando linali la mbewa.

Mankhwala a apongozi anali amodzi okha: kuwonjezera urea. Anatengera muyeso wa chimanga uja, matumba 4 a D Compound ndi 4 a urea pa hekitala, ndipo pa lima yawo imodzi ankapyolanso pamenepo, ati mwana adye akhute.

Tsono ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini sawongola apongozi pakati pa munda. Ndinadzera kwa mayi a kunyumba, iwo n'kudzera kwa amayi awo, mawu oti tiyezetse dothi n'kufika kwa mwinimunda ataphikidwa kale. Mu Epulo tinalowa m'dimba ndi khasu ndi ndowa, kuyenda mokhotakhota, kukumba malo oposa khumi kuzama masentimita 20. Dothilo tinasakaniza, tinaliumitsa pamthunzi, alangizi n'kulitengera kwa akatswiri a ZARI, aja ali ndi siteshoni yawo ku Msekera. Apongozi anangoti, "Amwene, dothi nalonso limapita kuchipatala?"

Pepala la zotsatira litabwera ndinavina m'mimba. Dimbalo silinali ndi njala ayi. Manyowa a ng'ombe amene ankathira chaka ndi chaka, kuphatikiza soya amene anali atangokolola kumene, zinasiya nayitrojeni wambiri m'nthaka. Ganizani, thumba limodzi la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, ndiye ankathira zimenezo pa mwana wokhuta kale! Tirigu wodya mopitirira amatalika msanga, phesi lake n'kukhala lofewa, ngala ikalemera miyendo imakana. Pepala lomwelo linaululanso kuti dothi layamba kuwawasa, ntchito ya urea wa zaka zambiri, ndipo likufuna laimu.

Alangizi anati urea achepe, komanso agawidwe kawiri: wina tirigu akamaphuka ana, wina phesi likamayamba kukwera. Apongozi anavomera mokoka miyendo. Masabata oyamba ankabwera kumunda m'mawa uliwonse, n'kumapukusa mutu kuti masamba sakuda ngati kale.

Ogasiti anafika ndi mphepo yake. Inawomba masiku angapo, kusasula udzu pankhokwe, kuthamangitsa nkhuku. Ndinathamangira kudimba mtima uli m'mwamba. Abale anga, tirigu ali chilili! Ankangowerama pang'ono ngati akupereka moni, n'kudzukanso. Pokolola tinkamweta titaima, osati kutola pansi mogwada ngati zaka zija, ndipo maso ake anali odzadza, olimba poluma. Urea wotsala anadikira chimanga cha dzinja m'nyumba, osagulanso wina.

Tsiku lopuntha ndinawamva apongozi akuuza anzawo pansi pa mtengo wa mango: "Ine kale ndinaona kuti dothi ili n'lofunika kuliyeza." Mayi a kunyumba ananditsina kuti ndisaseke. Madzulo ake apongozi aakazi ananditumizira mbale ya mandasi a ufa wa m'dimba lomwelo, yovundikira bwino, ndi nkhuku yamoyo pambali.