Chifuwa chikakana mankhwala a TB ku Marondera

M'makomboni a m'mafamu ozungulira Marondera, komwe zidzukulu za matchona ochokera ku Nyasaland zikadathyolabe fodya, munthu akatsokomola mwezi wathunthu aliyense amangoti ndi TB kapena utsi wa m'mabalani. Kawirikawiri amakhala akulondola. Koma alipo ena amene amamwa mankhwala miyezi 6 yonse, chifuwa chili nganganga, mpweya ukuperewera, nkhope ndi khosi zikutupa m'mawa.

Ena mwa iwo ali ndi chotupa pakati pa mapapo, kuseri kwa fupa la pachifuwa, malo amene madokotala amati mediastinum. Pamenepa mtima, njira ya mpweya ndi mitsempha ikuluikulu zimakhala mothinana, ndiye kachotupa kakayamba kukula kamafinya zonsezo. Mitundu yake ilipo ingapo. Lymphoma imafuna mankhwala a khansa, osati mpeni. Thymoma imafuna opaleshoni, ndipo nthawi zina imabwera ndi matenda ofoola minofu, zikope n'kumangogwa zokha madzulo. Dokotala wa ku America, Alfred Blalock, anachotsa chotupa pamalo amenewa mwa mtsikana wodwala motero mu 1936, mtsikanayo n'kupeza bwino.

X-ray ingasonyeze chithunzithunzi chokayikitsa, koma opaleshoni yotere imachitikira ku zipatala zazikulu monga Parirenyatwa ku Harare, mtunda wa makilomita oposa 70 kuchokera ku Marondera. Kumeneko amaunika ndi makina a CT, kenako amacheka fupa la pachifuwa m'litali, n'kuchotsa chotupacho chathunthu, n'kumanganso fupalo ndi mawaya achitsulo. Thymoma ikachoka yonse isanalowerere ziwalo zina, odwala oposa 9 mwa 10 alionse amakhala adakali moyo patatha zaka 5. Ikachedwa n'kumata mitsempha, mwayi umachepa kwambiri.

Chondiwawa ine n'chimene chimatsatira. Fupalo limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndipo wodwala amaletsedwa kunyamula zolemera. Kwa munthu wa mu ofesi ndi tchuthi chabe. Nanga waganyu amene amadya za tsiku lomwelo, wonyamula mabelo ndi nkhuni za kubalani? Kuyambira pomwe minda inayamba kulandidwa mu 2000, ambiri mwa anthuwa alibe ntchito yokhazikika, ndipo kumudzi kokapumulirako kunatsala ku Dedza kapena Mangochi, kumene sanapondeko. Amabwerera kumunda bala lisanapole, kapena sapita n'komwe ku opaleshoniyo.