Cimponde cathu pa mbale ya Machaina

Mwezi wa October mu Livingstone si mwezi wokhala pafupi ndi mbaula. Dzuwa likafika pa liwombo, ngakhale agalu a ku Dambwa amasowa mphamvu youwa, ndipo mai amene akuvundula nsima amacita kusamba thukuta. Inali nthawi yotereyi pamene mwana wa mlongo wanga, amene amagwira nchito m'khichini ya lesitilanti ina ya Machaina m'tauni muno, anatulukira pakhomo ndi paketi ya spaghetti ndi kabotolo ka madzi akuda bii. Anapempha cimponde cimene amai akunyumba anasinja dzulo lake, nandiuza kuti lero amalume mudya cakudya cozizira. Ine ndinaseka. Kwathu ku Katete cakudya cozizira ndi mkute, ndipo mkute sapatsa mwini nyumba masana.

Pasanathe theka la ola mbale inali patsogolo panga. Ndinamaliza, ndinapempha ina, ndipo manyazi sanandigwire.

Awerengi, cimene candilembetsa nkhani ino si dyera lokha iai. Cinandidabwitsa ndi cakuti m'cakudya cimene alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amalipira ndalama zambiri, cinthu cacikulu ndi nshawa, mtedza womwewu umene Abemba amati mbalala, umene alimi athu amagulitsa pa meda kwa anyamata oyenda ndi sikelo m'midzi pa mtengo womvetsa cisoni. Ife timadziwa kutendera ciwawa ndi repu, timadziwa cikanda, timadziwa kuthira nsinjiro m'phala la mwana. Koma pali njira ina yodyera nshawa imene ambiri a ife sitinaiyesepo, ndipo siifuna nyama, siifuna malaiti, ndiponso makala ake ndi owiritsira madzi cabe.

Tisanafike ku mphika, tidziwe kuti nshawa si za Machaina ndipo si zathu. Kwao ndi ku South America. Amalonda a ku Portugal ndi Spain ndiwo anazifalitsa pa zombo zao m'zaka za m'ma 1500, zina kufika ku Africa, zina ku Asia. Lero dziko la China ndilo limakolola nshawa zambiri kuposa dziko lina lililonse, makamaka m'zigawo za Henan ndi Shandong. Conco pamene anamanga njanji ya TAZARA kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi pakati pa 1970 ndi 1975, Machaina sanapeze mbeu yacilendo m'minda ya m'mbali mwa njanjiyo.

Koma ndinene zoona pano, pakuti mwana uja anandiwongolera. Kwao ku China msuzi wa ma noodles kawirikawiri amaupanga ndi citowe cokazinga ndi kupera mpaka cisanduke phala. Mumzinda wa Wuhan anthu amadya m'mawa ma noodles ochedwa re gan mian, osakaniza ndi phala la citowe. Ku Sichuan kuli dan dan mian, dzina locokera ku mtengo umene ogulitsa a m'misewu ankapingasa pa phewa, mphika mbali ino, mbale mbali inayo. Ku Beijing ali ndi phala limene amalichula er ba jiang, kutanthauza "ziwiri ndi zisanu ndi zitatu", cifukwa ndi citowe ndi nshawa zosakaniza mwa muyeso umenewo. Machaina amene anapita kukakhala ku America ndiwo anachukitsa kugwiritsa nchito cimponde cokha, popeza ndico cinali m'sitolo iliyonse. Ndiye ngati iwo anasintha molingana ndi zimene anapeza, nafenso a ku Maramba ndi ku Libuyu tili ndi ufulu wotero.

Tsopano kaphikidwe kake, ka anthu anai.

Yambani ndi cimponde. Cogula m'botolo cimagwira nchito, koma yang'anani kuti cisakhale ca shuga wambiri. Cosinja nokha ndiye capamwamba. Kazingani makapu awiri a nshawa pa moto wocepa, mukutakasa osaleka, mpaka zifiire ndi kununkhira. Zikapserera, msuzi wonse udzawawa ndipo palibe shuga amene angaukonze. Zikazizira, fikisani m'manja, petani makoko pa licero, ndipo sinjani mumtondo mpaka mafuta atuluke ndi phala liyambe kumata ku munsi. Tapani pang'ono zosinja mwamgaiwa musunge pambali, mudzawaza pamwamba pomaliza.

M'mbale yakuya ikani masupuni akulu 4 odzaza a cimponde. Thirani masupuni 3 a soy sauce, ndiwo madzi akuda aja, opangidwa ndi soya, tirigu ndi mcere zimene amazisiya kuti zisase kwa miyezi. Amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala nthawi. Onjezerani masupuni 2 a viniga, supuni imodzi ya shuga, timano 3 ta galiki tosinja, ndi kacidutswa ka jinja kofanana ndi nsonga ya cala cacikulu, kosinjanso. Mcere musathire. Soy sauce ali ndi mcere wokwanira kale, ndipo inu amene a ku kiliniki anakuuzani za BP cepetsani mpaka masupuni awiri.

Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo ndi pamene ine ndinalakwa tsiku loyamba kuyesa ndekha. Madzi ofunda amathiridwa pang'onopang'ono, supuni imodzi kapena ziwiri nthawi imodzi, mukutakasa mozungulira mbali imodzi. Poyamba mudzaona zodabwitsa: m'malo mosungunuka, cimponde cimalimba, cimacita mibulu ngati dothi loumbira mphika, ndipo mafuta amaoneka ngati akupatukana. Ine pamenepo ndinaganiza kuti zaonongeka, ndinakhuthulira kapu yonse ya madzi nthawi imodzi, ndipo cimene cinatuluka ndi madzi a bulauni okhala ndi tizilumba. Musacite mantha ndi kulimbako. Pitirizani kuthira pang'ono ndi kutakasa, ndipo mwadzidzidzi phala lidzafewa, lidzawala, n'kukhala salala. Zonse pamodzi zimatenga pafupifupi theka la kapu ya madzi kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi cimponde canu. Msuzi wabwino uziyenderera pa supuni monga uci wa m'nyengo yotentha.

Okonda tsabola, pangani mafuta ake padera. Sinjani tsabola wouma supuni imodzi, muike m'kapu yacitsulo, tenthetsani saladi masupuni 4 koma asafike pofuka utsi, ndipo thirani pa tsabolayo. Adzacita thovu ndi kufiira. Aliyense azidziikira yekha m'mbale mwake, kuti ana asalire. Ku Sichuan amaonjezeranso tsabola wao wina amene amacititsa dzanzi pa lilime, koma ameneyo kuno ndi wosowa ndipo cakudya cimakoma popanda iye.

Ngati soy sauce mulibe, mcere pang'ono ungalowe m'malo, ngakhale kukoma kumacepa ndithu, sindikunamizani. M'malo mwa viniga finyirani ndimu. Ine ndinayesapo madzi a bwemba ndipo kunyumba kwathu anawakonda kuposa viniga. Amene muli ndi citowe m'munda, kazingani dzanja limodzi musinjire pamodzi ndi nshawa, mudzayandikira kwambiri kwa eni ake.

Ma noodles ndi nkhani yaifupi. Paketi ya spaghetti ya magalamu 500 ikwanira. Timapaketi tija ana amakonda, timene munthu wa ku Japan dzina lake Momofuku Ando anayambitsa mu 1958, nato tingagwire nchito, koma kathumba ka zokometsera kali m'katimo musatsegule. Amene muli kutali ndi sitolo, kandani makapu awiri a fulawa ndi dzira limodzi, kamcere ndi madzi pang'ono mpaka mtanda ulimbe, usiyeni theka la ola, ufutukuleni ndi botolo, wazani fulawa, pindani ndi kuceka tizingwe ndi mpeni. Wiritsani m'madzi ambiri, ndipo musalole kuti afewe ngati phala. Tsanulani, tsukuluzani ndi madzi ozizira, thirani kasupuni ka saladi kuti asamatane, kenaka sakanizani ndi msuzi. Pamwamba ikani nkhaka zoceka motalika, masamba a anyezi, kabichi kapena repu woviika pang'ono m'madzi owira, ndi nshawa zija munasunga. Dzira lowiritsa kapena nkhuku yotsala dzulo ndi zongoonjezera.

Pa madzi ozizirawo ndiime pang'ono. Cakudya ici sicibwereranso pa moto, conco madzi otsukuluzira akhale owiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira kolorini. Nkhaka nazonso zitsukidwe ndi madzi omwewo. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu October 2023, imene inacititsa boma kusandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka kukhala cipatala. Ndipo msuzi pangani wa tsiku lomwelo. Wothira madzi sukhalitsa m'kutentha kwa kuno, makamaka malaiti akapita ndipo furiji yasanduka kabati.

Tsopano ndilankhule ndi inu alimi, pakuti mbali ino ndiyo imandisowetsa tulo. Pali cizolowezi cimene tonse tikucidziwa. Tikaswa nshawa timasankha zonenepa ndi zosalala kupita nazo ku msika, ndipo zofwapa, zosweka, zakuda ndi zoboola tizilombo timati izi ndi za nsinjiro ya pakhomo. Ndiko kunena kuti zabwino timadyetsa ana a anthu ena, zoipa timadyetsa athu. M'nshawa zoterozo ndimo mumakhala cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Anamudziwa koyamba ca m'ma 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Kuno kwathu, mu August 2024, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga cokhala ndi poizoni yemweyu. Mwa munthu amaononga ciwindi pang'onopang'ono mpaka kubweretsa khansa, ndipo akatswiri amamuganizira pa vuto la kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira.

Coopsa cake n'cakuti kukazinga kapena kuwiritsa sikumucotsa. Njira ndi kusankha ndi kutaya. Nshawa yokayikitsa isalowe mumtondo, ndipo musapatse nkhuku kapena nkhumba. Cuku cimalowa kwambiri pamene mbeu yavutika ndi ng'amba kumapeto, monga zinacitikira mu cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala ngozi ya dziko pa 29 February 2024. Cigawo cathu ca kum'mwera, makamaka kuno ku Livingstone ndi Kazungula, cimalandira mvula yocepa, nthawi zambiri yosafika mamilimita 800 pa caka. Ndico cifukwa cake Chalimbana, nshawa zikuluzikulu zokoma pokazinga zimene timanyadira kum'mawa, zimavutika kuno popeza zimacedwa kukhwima, pamene mitundu yocha msanga monga Natal Common imapirira. Mitundu ya MGV 4 ndi MGV 5 yocokera ku Msekera pafupi ndi Chipata ili ndi mafuta ambiri ndipo cimponde cake cimatuluka cofewa, koma funsani alangizi a zaulimi a kwanuko musanabzale. Mukakumba, yanikani bwino osati padothi lonyowa, sungani ndi makoko ake m'matumba okwezedwa pa mitengo, ndipo lekani kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa. Madzi amenewo ndiwo amadzutsa cuku.

Nshawa yabwino ndi cakudya camphamvu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka ndi mafuta. Cenjezo ndi lakuti pali anthu ena amene thupi lao limakana nshawa, amatupa milomo kapena kubanika, ndipo wotere athamangitsidwe ku cipatala msanga. Ana aang'ono musawawazire zidutswa pamwamba, zingawatsamwe. Msuzi wosalala ndiwo wao.

Amai a mabungwe a ku chalichi, amene caka ndi caka mumadandaula za ndiwo za pa Cisanu m'nyengo ya Lenti, ici ndi cakudya copanda nyama cimene acinyamata sadzacithawa monga amathawira nyemba. Pa tsiku losonkhetsa ndalama za parishi, pamene matebulo onse ali ndi vitumbuwa ndi mpunga wa nkhuku, tebulo limodzi la ma noodles a cimponde lingakoke anthu ofuna kulawa, ndipo nshawa zake zingagulidwe kwa akhristu anzanu a ku masiteshoni a kumidzi m'malo mwa kudikira anyamata a sikelo.

Sabata yatha apongozi anga anabwera kucokera ku Mukuni ndipo amai akunyumba anawakonzera mbale yao. Anadya yonse, anapukuta msuzi ndi cala, anayamikira kuti cimponde casinjidwa bwino. Atasamba m'manja anakhala cete kanthawi, kenaka anafunsa mwaulemu kuti kodi nsima ipsa nthawi yanji.