Nsidze zikatalika mopitirira muyezo

Mankhwala odonthezera m'maso otchedwa latanoprost atafika m'zipatala mu 1996, ntchito yake inali yochepetsa madzi opanikiza diso mwa odwala glaucoma, matenda omwe amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono mpaka munthu kuchita khungu. Posakhalitsa madokotala anaona zina: nsidze za m'mphepete mwa chikope zinkatalika, kukhuthala ndi kuda. Wodonthezera diso limodzi ndiye ankachita kuonekeratu, uku nsidze zitawirira, uku zili momwe zinalili. Amalonda sagona tulo. Pofika 2008, boma la America linali litaloleza mankhwala a mtundu womwewo, bimatoprost, kuti azigulitsidwa pa dzina la Latisse kwa ofuna kudzikongoletsa.

Nsidze zikapitirira mamilimita 12, achipatala amati ndi trichomegaly. Tsitsi lililonse lili ndi nyengo yokula, kenako limapuma n'kuthothoka. La m'mutu limakula kwa zaka zingapo, pomwe nsidze zimakula mwezi umodzi kapena iwiri basi, n'chifukwa chake zimakhala zazifupi. Chilichonse chotalikitsa nyengo yokulayo chimatalikitsanso nsidze.

Ena n'chibadwa. Mu 2014 ofufuza anapeza kuti m'mabanja ena a ku Pakistan, kachizindikiro ka m'thupi kotchedwa FGF5, komwe kamauza tsitsi kuti lileke kukula, sikagwira ntchito. Anthu otere sadwala kanthu. Ku China, mayi You Jianxia anayezedwa ndi a Guinness World Records mu 2021 ndipo nsidze yake imodzi inali masentimita 20.5.

Nkhani imasintha ngati nsidze zayamba kutalika pambuyo pake, osati chibadwire. Apa dokotala wabwino sayamba n'kuyang'ana nsidzezo, amayamba n'kufunsa mankhwala omwe munthu akumwa ndi momwe akumvera m'thupi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala analemba za odwala Edzi omwe nsidze zawo zinkatalika thupi likutha. Koma pasakhale woloza mnzake chala pamsika: nsidze si chipangizo choyezera magazi, ndipo ambiri okhala ndi nsidze zazitali alibe kachilombo. Mankhwala ena a khansa, monga erlotinib ndi cetuximab, amatalikitsa nsidze n'kuzipotanitsa mpaka kumakanda diso. Nawonso ana omwe maso awo amayabwa chaka ndi chaka n'kuderako, vuto lofala m'madera otentha ndi afumbi mu Africa muno, kawirikawiri amapezeka ndi nsidze zazitali kuposa anzawo.

Mwina wina angaganize kuti zikatalika ndiye zimatchinga bwino fumbi. Ayi ndithu. Mu 2015 David Hu ndi anzake a ku Georgia Tech anayeza nsidze za mitundu 22 ya nyama n'kupeza kuti kutalika kwake kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa diso. Pa muyezo umenewu nsidze zimabweza mphepo, misozi siuma msanga. Zikapitirira pamenepo zimayamba kulondolera mphepo ndi fumbi m'diso momwemo, zomwe omatitsa nsidze zoikirira ku saluni angachite bwino kudziwa.

Chithandizo chake n'chapafupi. Zikamagunda magalasi kapena kutchinga kuona, amangozidulira ndi kasizasi koyera. Choopsa n'kusiya mankhwala a glaucoma kapena a khansa chifukwa cha nsidze. Kuona komwe glaucoma yalanda sikubwerera.

Vutoli lisasokonezedwe ndi nsidze zopindikira m'kati, zomwe zimabwera chikope chikachita zipsera ndi trachoma. Zimenezo zimapala galasi la diso nthawi iliyonse munthu akaphethira. Bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi wagonjetsa trachoma ngati vuto la dziko, komabe agogo omwe anadwala kalekale akhoza kukhala nazobe. Kuzizula ndi kachitsulo kopanira sikuthandiza nthawi yaitali chifukwa zimameranso. Chofunika ndi opaleshoni yaing'ono yotembenuza chikope.