Vwaza: sukulu yopanda makoma ya ana a ku Katowo

Ana ambiri a ku Katowo m'boma la Rumphi amadziwa njovu ngati mdani woononga mbewu. Komatu pafupi ndi kwawoko pali nkhalango yotetezedwa ya Vwaza, komwe makolo angawatengere kuti akaphunzire khalidwe la nyamayi.

Poyambira pabwino ndi pa nyanja ya Kazuni. M'chilimwe madambo akauma, njovu ndi njati zimadzamwa madzi pamenepo. Apa mwana amamvetsa kuti nyama imalondola madzi ndi chakudya, n'chifukwa chake imalowa m'minda chimanga chikakhwima.

Phunziro lina ndi la kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu, ndipo misampha yake imapangidwa ndi nsalu za mitundu yomweyi. Choncho banja livale zotuwa za manja aatali, liyende ndi mlonda wa nkhalango, ndipo wolumidwa akayamba kutentha thupi athamangire kuchipatala.

Mu 2023 boma lidasainirana ndi Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 wosamalira Vwaza ndi Nyika. Pomwe mgwirizanowu uzidzatha, ana a lerowa ndiwo adzakhale eni minda yoyandikana ndi nkhalangoyi.